Theka la malipiro silisungika ku Lilongwe

Alembi, mwalemba kuti injiniya wokhala mu mzinda wodula azisunga theka la malipiro ake kuti adzadziyimire payekha msanga. Ine ndinagwira ntchito ya uinjiniya wa madzi ku Lilongwe ndisanabwerere kwathu kuno ku Mangochi, ndipo ndikuuzeni mosabisa, theka limenelo silinkatheka. Lendi ya ku Area 47 inkayamba kudya, kenako petulo, fizi ya ana a mchemwali wanga, mankhwala a amayi. Likamafika tsiku la 20, m'thumba mwauma kale.

Koma chimene chandiwawa n'chakuti simunatchule za kwacha. Mu November 2023 inagwa ndi 44 peresenti kamodzin'kamodzi. Ndalama zimene ndinkasunga kubanki kuti ndimangire nyumba zinachepa mphamvu ndikuziyang'ana, thumba la simenti litakwera ndisanagule n'limodzi lomwe. Usiku umenewo sindinagone.

Kuyambira pamenepo ndikapeza kangachepe ndimagula malata, simenti ndi zitsulo, osasiya ndalama zingokhala. Ndinamanga tinyumba tiwiri ku Mpondasi, ndipo mukukhala aphunzitsi. Ndinaikanso firiji ya sola imene amayi ogulitsa chambo amasungiramo nsomba zawo polipira pang'ono tsiku lililonse. Penshoni ya 5 peresenti yanga ndi 10 ya abwana ilipo, komatu imeneyo sindingaikhudze lero.

Ndikupempha mudzalembenso za anyamata omwe angomaliza ku yunivesite ya MUBAS ku Blantyre, amene abale onse akuwayang'ana iwo, poti upangiri wanuwu sukuwafika.