Bebi wa ku Joni sadziwa ngakhale mudzi wanu

Anzanga a ku Mulanje ndi ku Thyolo amene tikuphwanya maganyu kuno ku Joni, maina amene tadzaza m'mafoni mwathumu atipweteka. Munthu amachoka ku Luchenza akuitana mkazi wake kuti amake Chisomo. Watsika basi pa Park Station, miyezi itatu sinakwane, pakamwa pangokhala "bebi" ndi "swiiti". Mutsegule foni yake muone: Bebi, Bebi 2, My Queen, ndi nambala ina yolembedwa Makaniko koma yoimba pakati pa usiku pokhapokha. Mkazi amene ankhoswe anakhalira pansi, dzina lake mulibe.

Mawu amenewa kuno ndi otchipa. Mayi wa pa tilu ku Cape Town amakuti "my darling" akukupatsa chenji, ndipo wobwera pambuyo pako amuuzanso chimodzimodzi. Mnyamata wongofika kumene kuchokera ku Thekerani amaona ngati wakondedwa, mawa lake wabweranso kudzagula buledi amene sakumufuna. Choopsa n'choti wina amaimbira kumudzi pa WhatsApp ali pamzere womwewo, mkazi n'kumva mawu achikazi akuti "my love". Mlandu umenewo sutha ndi foni imodzi. Imbani muli panokha, ndipo akunyumba muwafotokozere kalankhulidwe ka kuno zisanachitike, chifukwa mukafotokoza pambuyo zimamveka ngati kudziteteza. Bodza loti "kuno kunali usiku" lisiyeninso. Nthawi ya South Africa ndi ya Malawi ndi imodzi, ndipo amayi a ku Chitakale amadziwa zimenezo.

Pali mawu ena amene si ogwiragwira. Mzulu akati "sthandwa sami", Msotho akati "moratiwa", mnzathu wa ku Zimbabwe akati "mudiwa", akunena wake weniweni. Iwe mlendo, amene akukutchula kale kuti kwerekwere, ukawatola n'kuponyera mkazi wa mwini mu lokeshoni, udzafotokozera ku chipatala. Nenani "sisi", "mama", "bhuti", "baba". Amenewa sabweretsa ndewu.

Chimene "bebi" amakomera anthu ambiri ndi ichi: dzina limodzi limakwana akazi atatu, lilime silingaterereke. Koma musaganize kuti wa kumudzi ndi wogona. Mwamuna amene kwa zaka khumi ankati "inu amake mwana", lero wayamba "iwe sthandwa", mkazi amangofunsa funso limodzi: wakuphunzitsani ndani? Komanso kwathu ambiri ndife akamwini. Foni imalirira pakhonde, apongozi ali pomwepo akusenda nandolo, sipika ili yotsegula chifukwa ana akufuna kumva bambo awo. Mawu oti "bebi wanga" pamenepo amangochititsa manyazi mkaziyo, ndipo inu mumatsika ulemu pamudzi wa eni. Yambani mwafunsa kuti ali ndi ndani. Moni wa apongozi uyambe, amake uje kapena Nangozo atchulidwe mwaulemu wake, zotsekemerazo zidikire usiku ana atagona. Amayi amene mukugwira ntchito za m'nyumba ku Pretoria, amuna anu atatsala ku esiteti ya tiyi, nkhaniyi ndi yanunso.

Pa ndalama ndiye palibe chikondi. Potumiza pa Mukuru, dzina la wolandira liyenera kufanana ndi la pa chiphaso chake cha unzika. Ngakhale "amake Chisomo" sagwira ntchito pamenepo. Alipo amuna amene sadziwa kuti mkazi wawo analembetsa dzina la bambo ake osati lawo, kapena kuti dzina limene amamuitanira kumudzi si limene lili pa chiphaso. Mkazi wakwera kabaza kuchokera kumudzi mpaka pa Limbuli, wabwerera chimanjamanja, ndalama ya kabaza yapita. Muuzeni ajambule chiphasocho akutumizireni, mukopere chilembo ndi chilembo. Katundu wopatsira matransipota naye alembedwe dzina lonse, nambala ndi malo otsitsira, kaya ndi pa Bvumbwe kaya pa Nkando.

Nanga uja bebi wa pa Facebook amene simunamuonepo, amene amakuitanani "hane" kuyambira tsiku loyamba? Akakupatsani nambala ya Airtel Money kapena Mpamba, funsani kuti inalembetsedwa m'dzina la ndani, poti ku Malawi simu khadi imalembetsedwa ndi chiphaso. Mukamva kuti "ndi ya achimwene anga", kamera ya foni yake n'kukhala yowonongeka tsiku lililonse, dziwani kuti marandi anuwo akumangira nyumba mwamuna mnzanu. Wa kuno naye asakunamizeni kuti mupeza mapepala chifukwa mukugona mu mkhukhu (chisakasa cha malata) umodzi. A Home Affairs amafuna umboni woti mwakhala limodzi zaka zosachepera ziwiri, ndipo masiku 30 amene anakudindirani pa Beitbridge anatha kalekale.

Chondipweteka kwambiri chimaoneka tsiku la tsoka. Munthu wagwidwa, ali ku Lindela ku Krugersdorp, kumene amasunga alendo oyembekezera kubwezedwa kwawo, kapena wagundidwa ndi galimoto, kapena wamwalira. Kuntchito amamudziwa kuti Malawi, mwinanso amagwira ntchito ndi mapepala a munthu wina. Mkazi amene wakhala naye zaka zitatu akudziwa dzina loyamba lokha, mudzi sadziwa, mfumu sadziwa, za ana anayi a ku Goliati sanamvepo. Anzake atsegula foni, apeza a Bebi atatu, aimbira wolakwika, uthenga wa maliro n'kufika kwa MG2 usanafike kwa mwini mbumba. Chonsecho kuti thupi lipite kumudzi pamafunika dzina lenileni la mu pasipoti, kalata ya imfa, kalata yoti thupi lakonzedwa ndi mankhwala, ndi zilolezo zodutsira m'malire, ndipo a ofesi ya kazembe wa Malawi sangathandize munthu wopanda dzina. Masiku akamapita, bilu ya kumochale ikukwera, osonkha ndife tomwe.

Choncho m'foni mulembe "Mkazi wanga" kapena "Mwamuna wanga", kenako dzina lonse, nambala yoyamba ndi +265. Yachiwiri ikhale ya atsibweni kapena nkhoswe, yolembedwa momwemo. Poti foni imakhala yokhoma ndipo imabedwa, lembaninso pa kapepala: dzina la mu pasipoti, mudzi, mfumu yaikulu, kaya ndi Mabuka, Nkanda kapena Nchilamwela, ndi boma. Kamodzi kakhale m'chikwama, kena musiyire anthu awiri akwanu amene simukhala nawo nyumba imodzi. Ngati m'fonimo mukufunabe kamtima kofiira, kaikeni kumapeto kwa dzinalo, malo alipo.