Si zigawo zonse za ku America zili pa 0.08

Mtolankhani, mwalemba kuti ku America malire a mowa m'magazi a dalaivala ndi 0.08 peresenti paliponse. Pamenepo mungasokeretse anthu. Ku Utah anatsitsa kufika pa 0.05 kuyambira pa 30 Disembala 2018. Oyendetsa mathiraki ndi mabasi malire awo ndi 0.04, ndipo amene sanakwane zaka 21 akangofika 0.02, kapena kuchepera apo m'zigawo zina, walakwa kale.

Chomwe chimagwetsa ambiri ndi nkhani ya laisensi. Ku California wapolisi amakulanda laisensi ukamangidwa n'kukupatsa pepala logwira ntchito masiku 30. Uli ndi masiku 10 okha opempha a DMV, ofesi ya boma yoona za malaisensi ndi magalimoto, kuti amve mbali yako. Anthu amangodikira tsiku la kukhothi osadziwa kuti iyi ndi njira ina payokha, masiku aja n'kudutsa, laisensi n'kuimitsidwa. Kukana kuyezedwa utamangidwa nakonso si kuthawa ayi: kumeneko ulendo woyamba ndi chaka chathunthu osayendetsa.

Ku New York, kuyambira 2009, kuyendetsa utaledzera uli ndi mwana wa zaka 15 kapena kuchepera m'galimoto ndi mlandu waukulu ngakhale kakhale koyamba. Ku Wisconsin, kugwidwa koyamba ukuyendetsa utaledzera nthawi zambiri ndi chindapusa ndi kulandidwa laisensi, osati ndende.

Abale amene muli ku America pa viza ya sukulu kapena ya ntchito, chonde mverani: kungomangidwa kokha, khothi lisanagamule, boma likhoza kufafaniza viza yanu. Onanani ndi loya tsiku lomwelo.