Roberto Durán ndi Pernell Whitaker akadakumana, ine ndikadaima ndi Durán

Pa gulu la ankhonya opepuka thupi lotchedwa lightweight, lomwe malire ake ndi mapaundi 135, kapena kuti makilogalamu 61 ndi pang'ono, pali mayina awiri amene okonda masewerawa satopa kukanganirana: Roberto Durán wa ku Panama ndi Pernell Whitaker wa ku America. Awiriwa sadakumanepo m'bwalo, chifukwa pamene Whitaker ankalandira mendulo ya golide pa masewero a Olimpiki ku Los Angeles mu 1984, Durán adali atachoka kale m'gululi n'kupita kukalimbana ndi anthu a matupi akuluakulu. Komabe kuwayerekeza kuli ndi maziko, popeza Durán atasonkhanitsa malamba akuluakulu a gululi mu 1978, padalibenso wina amene adachita zimenezo mpaka Whitaker mu 1990. Ine ndikukhulupirira kuti Durán akadapambana, ngakhale kuti Whitaker ndi mmodzi mwa akatswiri amene ndimawalemekeza koposa.

Whitaker, wobadwira ku Norfolk m'chigawo cha Virginia, adali wamanzere, ndipo luso lake lalikulu lidali kuzinda zibakera. Ankaima pafupi ndi mdani wake, n'kumapinda m'chiuno, nthawi zina kutsika mpaka kutsala pang'ono kunjuta, kotero kuti zibakera zinkangodutsa pamwamba pa mutu wake iye akubweza ndi dzanja lamanja lomwe ankatsogoza. Mu February 1989 adalanda lamba wa bungwe loyendetsa nkhonya la IBF kwa Greg Haugen, mu August chaka chomwecho adagonjetsa José Luis Ramírez n'kutenga wa bungwe la WBC, ndipo mu 1990 adagwetsa Juan Nazario m'ndime yoyamba n'kuwonjezera wa bungwe la WBA. Ife a mu Africa timamukumbukira chifukwa cha zimene adachita kwa Azumah Nelson wa ku Ghana mu May 1990, pamene ngwazi yathuyo idakwera kuchokera ku gulu lapansi n'kugonja pa mapointi itathamangitsa Whitaker ndime zonse 12 osamupeza bwino. Mu 1993 ku San Antonio, oweruza adati Whitaker ndi Julio César Chávez afanana mphamvu, koma ambiri amene adaonera nkhonyayo amavomereza kuti Whitaker ndiye adapambana.

Amene amaima ndi Whitaker ali ndi mfundo zomveka, ndipo sindikufuna kuzithawa. Amatikumbutsa za November 1980 ku New Orleans, pamene Sugar Ray Leonard adazungulira bwalo ndi kuseweretsa Durán mpaka iye kutembenuka n'kusiya nkhonya m'ndime ya 8. Amatchulanso Wilfred Benítez, katswiri wina wodziwa kuzinda, amene adamugonjetsa pa mapointi mu 1982. Ngakhale pa gulu la lightweight lomwelo, Esteban de Jesús adamugwetsa m'ndime yoyamba mu November 1972 n'kudzapambana pa mapointi, ndipo Edwin Viruet adamuvutitsa mpaka belu lomaliza mu 1977. Kwa iwo, zonsezi zikuonetsa kuti munthu waliwiro, wosakodwa msanga, ndiye mankhwala a Durán.

Vuto la mfundoyi ndi lakuti umboni wake waukulu ukuchokera pa nthawi imene Durán adali atanenepa ndipo akumenya pa mapaundi 147 ndi 154, thupi lake litasiya kupepuka. Tikafuna kuweruza mwachilungamo tiyenera kuyang'ana Durán wa pakati pa 1972 ndi 1978, amene adalanda lamba kwa Ken Buchanan wa ku Scotland ku Madison Square Garden, n'kuuteteza maulendo 12, ndipo pa maulendo 11 mwa amenewo mdani wake sadafike kumapeto. Buchanan yemweyo adali katswiri woyenda bwino ndi miyendo komanso wodalira chibakera chotsogoza, koma Durán adamutsekera njira kuyambira ndime yoyamba. De Jesús, amene adali yekhayo womugonjetsa m'zaka zonsezo, adagwetsedwa n'kugonja kwa Durán m'ndime ya 11 mu 1974, n'kugonjanso motero m'ndime ya 12 mu January 1978. Pa nkhonya yachitatuyi Durán adamenya modekha, akuwerenga mdani wake ndi kudikira mpata, ndipo ameneyu ndiye Durán amene ndikumuika patsogolo pa Whitaker.

Anthu ambiri amanyengedwa ndi dzina la Durán lakuti Manos de Piedra, kutanthauza manja amwala, n'kumaganiza kuti adali munthu wongodalira mphamvu ndi ukali. Aphunzitsi ake, Ray Arcel ndi Freddie Brown, adali akuluakulu odziwa nkhonya zakale, ndipo adamuphunzitsa kugwedeza mutu pang'ono chabe kuti chibakera chingomupalula, kunamiza mdani ndi phewa, komanso kupana manja a mnzake akayandikirana kuti iye yekha apeze pomenyera. Luso limeneli ndilo lidamuthandiza kugonjetsa Leonard ku Montreal mu June 1980, munthu wamtali ndi waliwiro kuposa iye, pa ndime 15 zathunthu. Apa mpamene ndikuona kuti Whitaker akadapeza mavuto, chifukwa malo amene iye ankakonda kuimapo, pafupi ndi mdani kuti amuphonyetse n'kubwezera, ndi malo omwewo amene Durán ankawafunafuna. Mutu ukhoza kuzinda, koma nthiti ndi mimba sizichoka msanga pamalo, ndipo Durán ankamenya nthiti moleza mtima ngati munthu wodula mtengo waukulu ndi nkhwangwa, podziwa kuti udzagwa nthawi yake ikakwana. Ndiponso Whitaker adalibe chibakera choopsa chomwe chikadabweza Durán m'mbuyo, pakuti mwa nkhonya 40 zimene adapambana, 17 zokha ndizo zidatha nthawi isanakwane, pamene Durán adapirira zibakera za Marvin Hagler, katswiri wa gulu la matupi akuluakulu, kwa ndime 15 mu 1983.

Chinthu china chimene sitingachilumphe ndi kutalika kwa nkhonyayo. M'nthawi ya Durán, nkhonya zolimbirana lamba zinkatenga ndime 15, ndipo zidayamba kuchepetsedwa kufika pa 12 pambuyo pa imfa ya Kim Duk-koo wa ku South Korea, amene adavulala pomenyana ndi Ray Mancini mu November 1982. Whitaker sadamenyepo ndime 15. Durán, m'malo mwake, ankamaliza ntchito yake m'ndime zomalizazo: Ray Lampkin adagwa m'ndime ya 14 mu 1975, Leoncio Ortiz mu ya 15 chaka chomwecho, Lou Bizzarro mu ya 14 mu 1976, ndipo Vilomar Fernandez mu ya 13 mu 1977. Awiri omalizawa adayesa kumuthawa pozungulira bwalo, koma miyendo idawathera.

Sindikunena kuti Whitaker akadagwetsedwa ngati iwowa, pakuti adali wochenjera kwambiri kuwaposa ndipo chibwano chake chidali cholimba. Ndikuona iye akutsogola m'ndime zisanu zoyambirira, Durán akuphonya kwambiri ndi kukwiya, kenaka zibakera za m'nthiti zikuyamba kumulemetsa Whitaker mpaka kumakakamizika kutsamira zingwe nthawi yaitali kuposa mmene adazolowerera. Pa ndime 12, oweruza akadagawanika ndipo aliyense mwa awiriwa akadatha kupatsidwa chipambano, ngakhale kuti ine ndikadapatsabe Durán ndi kusiyana kochepa. Pa ndime 15, ndime zitatu zomalizazo zikadakhala za Durán, ndipo akadapambana pa mapointi mosakayikitsa.