Panorama ikaduka pakati, musathamangire kunyoza Hugin

Anzanga ojambula kuno ku Chikwawa ndi Nsanje, maganizo anga ndi awa: panorama (chithunzi chimodzi chachitali chopangidwa polumikiza zithunzi zingapo) ikatuluka mtsinje wa Shire utathyoka pakati, vuto si Hugin, pulogalamu yolumikizira zithunzizo. Iyo imangosoka zomwe mwaipatsa, ndipo telala sangapulumutse nsalu yodulidwa molakwika.

Mwaima pa phiri potsikira ku Chikwawa, chigwa chonse chili pansi panu. Gwirani kamera choimika, muitchere pa manual kuti kuwala, white balance (kayezedwe ka mitundu) ndi focus zisasinthe mpaka chithunzi chomaliza. Mukasiya pa auto thambo limatuluka mizeremizere, apa powala apa poderako. Chithunzi chilichonse chilowe m'chinzake ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Potembenuka, lens ikhale pamalo amodzi, inu ndi amene muziizungulira. Mukatembenuza thupi lonse, chitsamba chapafupi chimasuntha poyerekeza ndi zakutali, ndipo ngakhale pulogalamu ya PTGui yogula ndi madola singazilumikize bwino.

Chigwa chathu chilinso ndi misampha yake. Mizere ya nzimbe ku Nchalo imafanana yonse, mwakuti pulogalamu imagwirizanitsa malo osiyana. Mitambo imayenda, madzi a ku Elephant Marsh nawonso sakhazikika. Ma control point (timadontho tosonyeza malo amodzimodzi m'zithunzi ziwiri) ogwera pamenepo fufutani, muike anu pa zinthu zosasuntha: denga la malata, mlatho, nsonga ya phiri.

Koma mdani wamkulu ndi kutentha. Zithunzi 12 za ma megapixel 24 zimabala panorama ya ma megapixel pafupifupi 200, ndipo failo yake ya mtundu wa TIFF ya 16-bit imaposa 1 GB. Ndiye mukajambule masana a mu Okutobala, mpweya ukuchita kuvina pamwamba pa nthaka, utsi wa moto wolusa uli tolo, mwapindulanji? Failo yaikulu yodzaza nkhungu basi. Jambulani dzuwa likangotuluka, makamaka mvula itagwa dzulo lake, pomwe fumbi latsika.

Laputopu ya 8 GB RAM imalira nayo ntchito imeneyi. Sokani kaye panorama yaing'ono, muone ngati pomwe thambo lakumana ndi dziko pawongoka, kenako yaikuluyo, batire itadzaza poti magetsi sachenjeza. Potumizira kasitomala pa WhatsApp sankhani document kuti chithunzi chisafinyidwe. Facebook imafinya chithunzi kufika ma pixel 2048 m'litali, choncho kumeneko ikani zidutswa zitatu kapena zinayi kuti anthu aone ndi mabwato omwe.