Kumvetsa relativity kumafuna nthawi yochuluka bwanji?

Nkhani ya Albert Einstein ikatuluka pakati pa anzathu a kuno ku Johannesburg, ndimamva maganizo awiri, ndipo onsewo sindigwirizana nawo. Ena amati relativity, chiphunzitso chake chonena za nthawi, danga ndi kayendedwe ka zinthu, ndi ya anthu obadwa ndi nzeru zapadera, choncho munthu wamba asadzivutitse nayo. Ena amaonera kavidiyo ka mphindi khumi ali mu takisi yochokera ku Bree, n'kutsika akunena kuti zonse azimva. Ine ndikuona kuti chofunika ndi nthawi, kope ndi pensulo, koma kuchuluka kwa nthawiyo kumatengera gawo limene munthu walisankha, pakuti magawo alipo awiri osiyana kutalitali.

Gawo loyamba, special relativity, Einstein analitulutsa mu 1905 ali kalaliki woona za luso latsopano mu ofesi ya boma ku Bern. Masamu ake si oopsa. Amene anakhoza masamu pa MSCE ndipo akukumbukira algebra ndi lamulo la Pythagoras angathe kutsatira mfundo zake zikuluzikulu. Povuta ndi pena. Munthu ayenera kuvomereza kuti liwiro la kuwala, pafupifupi makilomita 300,000 pa sekondi, ndi limodzimodzi kwa aliyense woliyeza, kaya waima kaya akuthamangira kumene kuwalako kukupita. Akangovomereza zimenezi, zina zimatsatira zokha: wotchi imene ikuyenda imachedwa poiyerekeza ndi yake, ndipo zinthu ziwiri zimene kwa iye zachitika nthawi imodzi, kwa wina amene akuyenda zachitika china patsogolo china pambuyo. Mfundo yachiwiriyi ndiyo imadya masabata, chifukwa dzanja limatha kulemba masamu olondola mutu ukukanabe. Kwa munthu wapantchito wopatula ola limodzi madzulo, ndikuganiza kuti miyezi ingapo ndi yokwanira, pokhapokha ngati akuwerengera yekha mafunso papepala, osati kumangowerenga ngati nyuzipepala.

Gawo lachiwiri, general relativity, ndi phiri lina. Mwini wakeyo linamutengera zaka zisanu ndi zitatu, kuchokera mu 1907 mpaka Novembala 1915, ndipo ali pakati anachita kupempha mnzake Marcel Grossmann, katswiri wa masamu, kuti amuthandize ndi geometry ya Bernhard Riemann, masamu a danga lopindika. Kunena kuti dzuwa limapinda danga ndi nthawi n'kosavuta, koma kuwerengera kupindikako kumafuna masamu apamwamba otchedwa calculus ndi ma tensor, ndipo n'chifukwa chake m'mayunivesite phunziroli limabwera chakumapeto kwa digiri ya physics kapena pambuyo pake. Apa tinene zoona, ndi nkhani ya zaka, ndipo wokulonjezani kuti mulimaliza pa Loweruka limodzi akukunyengani.

Komabe sindikuona chifukwa choti munthu asiyiretu. Ngakhale osafika pa masamuwo, angathe kumvetsa bwino zimene chiphunzitsochi chimalosera ndiponso mmene anachiyesera. Pa 29 Meyi 1919, kadamsana atachitika, gulu la Arthur Eddington, katswiri wa zakuthambo wa ku England, linajambula nyenyezi lili pa chilumba cha Príncipe, kumadzulo kwa Africa, n'kupeza kuti kuwala kwa nyenyezizo kumakhota podutsa pafupi ndi dzuwa, monga Einstein analosera. Lero mawotchi a m'masetilaiti a GPS amatsogola ndi mamayikirosekondi 38 pa tsiku (mayikirosekondi ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi) poyerekeza ndi a pansi pano, ndipo akanapanda kukonzedwa, mapu a pa foni amene timadalira pofuna adiresi ku Randburg akanasokera ndi makilomita pafupifupi 10 tsiku lililonse. Ngakhale mzinda uno, pokhala pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja, wotchi yake imatsogola pang'ono kwambiri kuposa ya ku Durban.

Chimene chimatilepheretsa ambiri a ife si ubongo ayi, koma kutopa. Mlonda wogwira maola khumi ndi awiri, kapena mayi woweruka ku Sandton n'kufika kwawo kutada, sangakhale pansi ndi masamu tsiku lililonse. Kwa oterewa ndingati ayambe ndi gawo la 1905 lokha, atenge buku limodzi la ophunzira a chaka choyamba m'malo mwa mavidiyo makumi awiri, ndipo asapitirire mutu wonena za zinthu zochitika nthawi imodzi mpaka atatha kuufotokozera mnzawo buku lili chotseka.