Ma tag akachuluka amasokoneza mutu

Mwalemba kuti ma context, kutanthauza kugawa ntchito zoti uchite potengera malo kapena chida chofunika, ndi achikale, chifukwa foni ili m'thumba ndipo munthu angagwire ntchito iliyonse paliponse. Pamenepo sindikugwirizana nanu.

Ndinayamba ndi OmniFocus, pulogalamu yosungira mndandanda wa ntchito zoti uchite, pomwe ntchito iliyonse inkaloledwa context imodzi yokha. Mu 2018 atatulutsa OmniFocus 3, ma context anasanduka ma tag, zizindikiro zoti ukhoza kupachika zingapo pa ntchito imodzi, ndipo ndinakondwa. Koma posakhalitsa ntchito imodzi ndinkaipachika ma tag asanu: foni, msanga, kuntchito, abwana, mawa. Ndikatsegula m'mawa ndinkangoti kakasi, osadziwa poyambira. Vuto linali langa, koma ufuluwo ndi umene unandikola.

Context imafunsa funso limodzi: ntchitoyi ikufuna chiyani kuti itheke? Kwathu kuno funsoli likadali lamoyo. Magetsi akathima, za pakompyuta zaima. Bandulo ikatha, za pa intaneti zaima. Choncho ndinabwerera ku zinayi zokha: @magetsi, @intaneti, @foni, @tawuni. Ndikakwera minibasi ndimatsegula @tawuni basi, kuti zakubanki ndi zakumsika ndimalizire ulendo umodzi.

Tag yoonjezera ndinasunga imodzi, ya "ndikudikira", pa zinthu zimene ndinatuma anzanga.