Nyenyezi imodziyo mwapatsa nsima kapena dzuwa?

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Kuyambira dzulo mtima wanga sukutsika.

Achemwali anga ali ndi kamalo kodyera pa Nchalo, m'mbali mwa msewu wa M1. Matebulo anayi, mabenchi, fani imodzi yapakhoma, beseni ndi jagi yosambira m'manja pakhomo. Amadzuka 4 koloko m'bandakucha kukoleza mbaula, nyama ya mbuzi amakasankha okha, ndipo nsima amapakula ikufuka nthunzi. Chaka chatha mwana wawo anawaika pa Google Maps kuti apaulendo otsika ku Blantyre, opita ku Nsanje kapena okaona nyama ku Lengwe, aziwapeza. Anthu 8 anali atapereka nyenyezi zawo, zija munthu amadina pa foni kuyambira imodzi mpaka zisanu poyeza malo, avereji inali 4.5. Achemwali za foni sadziwa kwenikweni, koma nambala imeneyo ankaidziwa ngati dzina la mwana wawo.

Lachitatu kunabwera bambo wina pa galimoto ya kuntchito kwake. Anaitanitsa nsima ya mbuzi ndi nkhwani wotendera. Anadya, anapempha msuzi wowonjezera, anapatsidwa osalipiritsidwa. Mbale inabwerera kukhitchini mutangotsala mafupa awiri. Potuluka anati, "Mayi, mumaphika." Usiku womwewo bambo yemweyo anapereka nyenyezi imodzi. Imodzi! Ndemanga yake analemba m'Chingerezi, yakuti chakudya chinali chokoma kwambiri koma pamalopo pankatentha zosapiririka.

Pankatentha. Pa Nchalo, mu Okutobala, 1 koloko masana. Bambo inu, achemwali anga ndi amene anayatsa dzuwa? Mapiri a Chikwawa munatsika nokha, pa Thabwa munadutsa nokha, Shire munawoloka nokha, ndipo munamva nokha mphepo ikusanduka ngati ya m'ng'anjo. Blantyre ili pamwamba mamita opitirira 1,000, ife kuno sitifika n'komwe mamita 100. Madigiri 40 kuno ndi moyo wa tsiku ndi tsiku m'nyengo ino, mbuzi imene imadziwa kuti masana n'kubisala pansi pa mtengo. Mwafunsidwa za chakudya, mwayankha za nyengo. Mwafunsidwa za mphika, mwaweruza thambo. Nyenyezi imodziyo mwapatsa ndani, nsima kapena dzuwa?

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Zoona, bamboyo anakamuka tsiku lomwelo, mwina pano ali pa fani ku Namiwawa ndipo waiwala kale. Koma nyenyezi yake sinakamuke. Ili pompo, ndipo aliyense wofuna podyera pa Nchalo akuiona.

Ndiye pali china chimene chandipweteka kuposa pamenepo. Nkhani itamveka pabanja, amalume athu a ku Ngabu anati musadandaule, ndikonza ndine. Anatenga foni yawo, anadina nyenyezi imodzi. Nditawaimbira anandiyankha ndi mtima woyera: "Mphwanga, ndawapatsa nambala wani. Kodi kusukulu wokhoza kuposa onse sakhala nambala wani?" Ndinangoti zikomo amalume, ndibwera Loweruka tidzakonze limodzi. Sindingawakalipire. Palibe anawauzapo kuti pa foni zinthu n'zotembenuka, kuti imodzi ndi kutukwana ndipo zisanu ndiye kuyamika, komanso mapulogalamu ambiri safotokoza zimenezi m'Chichewa kapena m'Chisena. Koma taonani zimene zachitika. Anthu awiri adina batani limodzi lomwelo. Wina akutanthauza kuti dzuwa linamuwotcha, wina akutanthauza kuti palibe wophika kuposa mwana wa mlongo wake. Kwa makina, onse awiri anena chinthu chimodzi: pamalo pano musadyepo.

Tiwerengere limodzi, n'zosavuta. Anthu 8 aja anapereka nyenyezi 36 pamodzi, n'chifukwa chake 4.5. Onjezani ziwiri za anthu awiriwa, zikhala 38 kwa anthu 10, avereji 3.8. Ndi mmene zilili pano. Kuti ibwerere pa 4.5 zinthu zili chonchi, pakufunika anthu 14 otsatizana, onse opereka zisanu. Anthu 14, pamalo pamene chaka chathunthu panapezeka 8 okha odina! Ngakhale ya amalume tikaikonza Loweruka, tikwera kufika 4.2 basi, ndipo padzafunikabe anthu 6 a zisanu kuti afufute dzuwa la bambo mmodzi. Pali apaulendo ambiri amene amasankha kuona malo a nyenyezi 4 kupita m'mwamba okha. Kwa iwo sabata ino achemwali anga kulibe. Nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Hotela ya mu Blantyre yokhala ndi ndemanga mazana ambiri singamve kanthu ndi munthu mmodzi wothodwa. Kuno kumene ndemanga zimawerengeka ndi zala, chala chimodzi chimagwetsa bizinesi.

Chimene ndikunena ndi chimodzi: nyenyezi ndi muyezo, ndipo muyezo suyenera kusintha ndi mmene mwadzukira. Zimene mwatcha zinayi lero zikhale zinayi mawa. Zimene mwatcha zinayi pa Nchalo zikhale zinayi ku Limbe. Ngati mukuyeza nsima, yezani nsima. Osayeza thukuta lanu, osayeza maenje a mumsewu, osayeza mkangano umene munasiya kunyumba m'mawa.

Anthu ambiri amaganiza kuti akadina, ndiye kuti angotulutsa zakukhosi basi. Ayi. Manambala amenewo ndi chakudya cha makina. Makina amene amakusankhirani filimu, nyimbo, katundu wogula kapena malo odyera alibe lilime, sanalawepo msuzi wa mbuzi, sadziwa kuti Okutobala ndi chiyani. Amangoona manambala. Amatenga zimene inu munapereka, amafufuza anthu ena amene anapereka zofanana ndi zanu, kenako amakuonetsani zimene anthu amenewo anakonda koma inu simunazionepo. Ndiye mukamapereka mwachisawawa, makina amakuphatikizani ndi anthu amene simufanana nawo n'komwe. Mawa mudzakhala inu nomwe mukudandaula kuti foni ikundionetsa zopanda pake. Mwaiphunzitsa ndinu. Mwainamiza ndinu.

Ndipo mvetsetsani ichi, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Munthu woumira si vuto lalikulu. Tonse tinaphunzitsidwapo ndi mphunzitsi woumira malikisi, amene 60 yake tinkadziwa kuti ndi 80 kwa ena. Makina osankhira anthu zinthu amatha kuwerengera zimenezo: amaona avereji ya munthuyo, akapeza kuti nthawi zonse amapereka zitatu, tsiku limene wapereka zinayi amadziwa kuti wakondwa zedi. Wopereka mowolowa manja naye amamudziwa, zinayi zake amaziona ngati dandaulo. Woumira amakonzeka, wowolowa manja amakonzeka, chifukwa onsewo sasintha. Wosakonzeka ndi uyu wa lero zisanu chifukwa walandira malipiro, mawa imodzi chifukwa fani inazima. Sikelo yoba kilo imodzi nthawi zonse ungathe kugula nayo malonda, umangowonjezera kiloyo pamtima. Koma sikelo yoti thumba lomwelo m'mawa 50, masana 43, madzulo 55, ungaitani? N'kutaya basi.

Musaganize kuti ndi nkhani ya ife a kuchigwa tokha. Makampani akuluakulu alimbana nayo kwa zaka. Mu 2006 kampani ya mafilimu ya Netflix inatulutsa manambala opitirira 100 miliyoni amene makasitomala ake anapatsa mafilimu, n'kuika mphoto ya madola 1 miliyoni kwa amene angakonze makina ake olosera kuti achepetse kuphonya ndi 10 peresenti. Akatswiri a masamu dziko lonse anatuluka thukuta mpaka 2009 kuti afikepo. Zaka zitatu kufunafuna 10 peresenti! Ofufuza ena anayesa kufunsa anthu omwewo za mafilimu omwewo kachiwiri patadutsa nthawi, ndipo ochuluka ndithu anapereka nambala yosiyana ndi yoyamba. Filimu sinasinthe, wasintha ndi munthu. Ndiye makina angalose bwanji za inu ngati inu nomwe simugwirizana ndi zimene munanena sabata yatha? Mu 2017 Netflix yomweyo inasiya nyenyezi zisanu n'kuika chala chachikulu, choloza m'mwamba kapena pansi. YouTube inali itachita kale zimenezo: mu 2009 inaulula kuti anthu ambiri zedi ankangopereka zisanu, ochepa imodzi, zapakati pafupifupi palibe ankazikhudza, ndipo mu 2010 nyenyezizo zinachoka. Facebook nayo mu 2018 inasintha pa mapeji a mabizinesi, inayamba kungofunsa ngati mungauze anzanu kuti apiteko, inde kapena ayi. Onsewa anafupikitsa funso. Koma ngakhale funso likhale la inde kapena ayi, munthu ngati bambo uja adzatibe ayi chifukwa cha dzuwa. Vuto si batani. Vuto ndi chala chimene sichifunsa kuti kodi ndikuyeza chiyani.

Ndipo inu a zisanu zachibale musabisale kumbuyo kwanga, nanunso ndikukunenani. Mnzanu wa kutchalitchi watsegula saluni pa Bangula, simunapondeko, tsitsi lanu sanaligwirepo, koma watumiza linki pa WhatsApp kuti tipatseni zisanu, ndipo nonse pagulu mwadina ngati mukuponya chopereka. Limenelonso ndi bodza. Ndi bodza lokoma, koma ndi bodza. Mukapatsa zisanu aliyense, zisanu zimasanduka madzi, ndipo amene akuphikadi bwino, amene akusokadi bwino, amene chipinda chake chogona alendo chilidi ndi neti yosang'ambika, sasiyananso ndi wina aliyense. Mwaba thukuta la wolimbika n'kugawira aulesi. Mwana wa achemwali atandiuza dzulo kuti amalume, tiyeni tiuze abale onse apereke zisanu tikwirire ya bamboyo, ndinakana, ngakhale mtima unkafuna. Amene anadyapo apereke zimene anaona. Amene sanadyepo asadine. Ine sindikufuna kuti achemwali anga akwere ndi bodza, ndikufuna asagwe ndi bodza.

Ine muyezo wanga ndinauika kalekale ndipo sindiusuntha. Zitatu ndiye kuti ndadya, ndakhuta, ndalipira, palibe chokumbukira. Zisanu ndiye kuti ndidzabweranso ndi akazi anga ndi ana. Imodzi ndimaisunga ngati mpeni wa m'thumba, ya malo amene ndadwala m'mimba, ndaberedwa chenji, kapena ndatukwanidwa. Nditakwiya sindidina, ndimagona kaye. Wanu ukhoza kusiyana ndi wanga, palibe mlandu, koma ukhale umodzi, ndipo ukhale womwewo Lolemba ndi Lachisanu. Ndipo ngati pali chimene chakusowetsani mtendere chomwe mwini malo angathe kukonza, pali malo olemba mawu. Bambo uja akanapereka zinayi n'kulemba kuti mayi onjezani fani yachiwiri, achemwali akanamva, akanasunga ndalama, akanagula. Imeneyo ndiyo ndemanga. Koma nyenyezi imodzi pa chakudya chimene wanyambita mbale? Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata.

Chimene chikundiwawa n'chakuti kuno anthu akudzuka movutikira. Namondwe Ana mu Januwale 2022, Freddy mu Malichi 2023, madzi anatenga minda, ziweto ndi katundu wa anthu ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Ambiri amene mukuwaona akugulitsa nsima, nsomba zouma ndi masawu m'mbali mwa msewu anayambiranso pa ziro, ena ndi ngongole ya banki mkhonde. Mpamba wawo ndi mbaula, miphika itatu ndi dzina labwino. Dzinalo masiku ano lili pa foni. Ndiye wina angolipondereza ndi chala chimodzi ali m'galimoto yozizira, kenako n'kuiwala? Ayi, zimenezo sindivomera. Dzulo madzulo achemwali anandifunsa kuti, "Achimwene, kodi nyama ija inali yolimba?" Akudzikayikira pa chinthu chimene sanalakwe. Munthu anawauza pamaso kuti mumaphika, ndipo akudzikayikira.

Ndipotu nkhani ya miyezo yosinthasintha kuno yatikwana kale. Nyengo ya thonje ndi chitowe ikafika, mavenda amabwera ndi masikelo awo a mbedza, amapachika pamtengo. Thumba limene mlimi wayeza kunyumba likafika pa mbedza yawo lapepuka. Ukadandaula akuti yako ndi imene ili yolakwika, ukapita kwa wina naye ali ndi nambala yake. Mayi wokalamba wasenza thumba pamutu kuchokera kumudzi, dzuwa lomweli limene bambo uja analephera kupirira mphindi 40 ali pamthunzi, afika n'kuuzidwa kuti makilo ake atatu asowa m'njira. Chigoba chogulira n'chachikulu, chogulitsira n'chophwanyidwa kunsi. Chaka chino ndikapita ndi sikelo yanga, ndipo woyamba kundiuza kuti ndi yolakwika tikumana kwa amfumu.